Kuwongola mtengo mpoyamba, ngakhale kuthambo

Akuluakulu a ku Kawaza akamati kuwongola mtengo mpoyamba, amayesa akulangiza ana a ku Mambwe okha. Kani mwambiwu umafika mpaka kwa mapulaneti.

Nyenyezi ikangobadwa imazingidwa ndi chimbale cha fumbi ndi mpweya, ndipo mapulaneti amaumbika momwemo. Ena amabadwa osamva. M'malo mozungulira bwinobwino, amatenga njira yamphindi: akayandikira nyenyezi amadutsa ndi liwiro, akafika kutali n'kumayenda mwachidodo. Mnyamata wotere tonse tikumudziwa. Miyezi 11 ali phee ku Lusaka, foni osayankha. Pa Khirisimasi watsika basi pa Mfuwe, wasiya shuga ndi chitenje, mawa lake mbandakucha wapita.

Koma achibale sangomuyang'ana. Pulaneti laling'ono likamadutsa m'chimbalemo limautsa mafunde mu mpweya, mafundewo n'kumalikoka mpaka njira itawongoka, pa zaka masauzande chabe. Peter Goldreich ndi Scott Tremaine anachita masamu a kukokana kumeneku mu 1980, koma azakhali athu anali atayamba kalekale. Wabwera wopanda kanthu m'thumba? Amupezera mbeta, amulozera munda wa thonje. Chaka chamawa mudzamupeza pa nsanja usiku, akumenya chitini kuingitsa njovu m'chimanga. Wawongoka ameneyo.

Nkhani imavuta pa zimphona. Pulaneti lolemera kuposa Jupiter kangapo limasesa mpweya m'njira yake n'kusiya chimpata chachikulu. Mu 2018 makina oonera zakuthambo a VLT ku Chile anajambula lotere, PDS 70 b, litakhala mumpata wake pafupi ndi nyenyezi ya zaka pafupifupi 5 miliyoni. Owongola apafupi akachoka, mpweya wotsala kutali uja ukhoza kulikhotetsa koposa. Ameneyu ndiye uja wa galimoto ya magalasi akuda. Akangofika, bwalo lonse limapatuka. Amalume omwe, amene dzulo amalumbira kuti amuuza zoona, lero agwira chipewa m'manja, ali "mwayenda bwanji, bwana?" Kenako amutsatira kuseri kukapempha ya feteleza.

Chimbale nachonso sichikhalitsa. Pa zaka mamiliyoni ochepa chimabalalika, ndipo lokhota limatsala chikhotere. Ndiye inu a ku Kawaza, ngati muli ndi mawu ndi mnyamata uja, lankhulani chaka chino asanagule galimoto.