Yaulere, Koma Chigayo Ukafune Wekha

Amati OpenCV ndi yaulere, ndipo sanama. Pulogalamu imeneyi, yothandiza kompyuta kukonza zithunzi ndi kuzindikira zimene zili mmenemo, inayambira ku kampani ya Intel mu 1999, ndipo salipiritsa ngakhale tambala. Kungoti ulere wake uli ngati wa munthu wokupatsa thumba la chimanga n'kukuuza kuti chigayo ukafune wekha. Wofuna kuimanga yekha pa Linux ayambe wapeza CMake ndi kompaila ya C++, kenako FFmpeg ngati akufuna mavidiyo, ndiponso GTK kuti zithunzi zizioneka pa sikirini. Akatero, kompyuta imabuula kwa maola, makamaka ikakhala Raspberry Pi, n'kudzaima itatsala pang'ono kumaliza chifukwa cha kafayilo kamodzi kosowa.

Wina anganene kuti mavuto onsewa ndi odziputira, poti kulemba "pip install opencv-python" kumatha madzi a tiyi asanawire. N'zoona, ndipo ambiri azitero basi. Koma yokonzeratu imeneyo ilibe CUDA, choncho sigwiritsa ntchito mokwanira mphamvu ya khadi ya Nvidia. Ndiye amene anawononga ndalama zambiri kugula makina othamanga ndi yemweyo amene amachezera usiku wonse akulimbana ndi CMake, mnzake wa laputopu yakale atagona kalekale.