Kugwada Kosataya Malipiro: Malangizo kwa Wosewera Mpira Woyabwa Pakamwa

Wosewera mpira amene wayamba kumva kuyabwa pakamwa, kufuna kunenapo kanthu pa zandale, ayenera kuyamba wayang'ana kalendala, kenako kontirakiti yake, ndipo nthawi ikatsala angathe kufunsanso chikumbumtima. Colin Kaepernick anayambira ku chikumbumtima, n'chifukwa chake nkhani yake iyenera kuphunzitsidwa kwa mnyamata aliyense asanapatsidwe jezi.

Kaepernick ankasewera mpira wa ku America, uja amathamanga nawo uli m'manja atavala zipewa zolimba, m'timu ya San Francisco 49ers. Anali quarterback, munthu woponya mpira amene timu yonse imayendera nzeru zake, ndipo mu February 2013 anaifikitsa timuyo mu Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi ya NFL, kumene inagonja kwa Baltimore Ravens 34–31. Mu 2014 anasayina kontirakiti imene nyuzipepala zinkalengeza kuti ndi ya madola 126 miliyoni. Kenako mu August 2016, nyimbo ya fuko ikuimbidwa masewero asanayambe, iye anangokhala pa benchi. Atolankhani atamufunsa, anati sangaimirire kunyadira mbendera ya dziko limene likupondereza anthu akuda, apolisi opha anthu akungoyenda osalangidwa. Nate Boyer, yemwe anali msilikali, anamulangiza kuti kugwada n'kwaulemu kusiyana ndi kukhala pansi. Iye anamvera, ndipo kuyambira September anayamba kugwada bondo limodzi.

Cholakwa chake chachikulu chinali phuma. Anadzala chimanga mvula isanagwe. Akanadikira zaka zinayi zokha, akanagwada ali pakati pa khamu. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu May 2020, mkulu wa NFL, Roger Goodell, ananena poyera kuti ligiyo inalakwa posamvera osewera amene ankadandaula kale, ngakhale kuti m'mawu ake onsewo dzina la Kaepernick silinamveke. Ku England, Premier League itayambiranso mu June chaka chomwecho, osewera ndi oyimbira omwe ankagwada mpira usanayambe, makamera akujambula, otsatsa malonda akumwetulira. Palibe amene anadulidwa ngakhale paundi imodzi. Choncho wosewera wanzeru aziyembekezera mpaka abwana ake atagwada kaye, ndiyeno agwade pambali pawo, nkhope ili yachisoni.

Wina akalephera kudikira, aziyamba wawerenga timawu ting'onoting'ono ta m'kontirakiti. Madola 126 miliyoni aja anali a pamutu wa nkhani chabe. Zambiri mwa ndalamazo timu inali ndi ufulu wosapereka ikangotopa naye, ndipo zimene analandiradi zinali pafupifupi madola 39 miliyoni. Mu March 2017 anatuluka yekha m'kontirakitiyo, akuluakulu a timu atasonyeza kale kuti akanamuchotsabe. Anali ndi zaka 29, msinkhu umene quarterback amakhala akadali wamphamvu, ndipo m'ligi ya matimu 32 sipanapezeke ndi imodzi yomwe yomufuna. Ena amati kasewero kake kanali katatsika, ndipo n'zoona kuti 49ers inapambana masewero awiri okha mwa 16 mu 2016. Koma matimu omwewo ankalemba ntchito anthu amene sanafikepo ngakhale pachipata cha Super Bowl. Pofuna kuthandiza eni matimu kuganiza bwino, Pulezidenti Donald Trump anaima pamsonkhano ku Alabama mu September 2017 n'kunena kuti wosewera wogwada azichotsedwa ntchito pompo, ndipo anawonjezerapo mawu otukwana amayi a osewerawo.

Pankhani ya makontirakiti, mphunzitsi wabwino ndi Mesut Özil. Iyeyu anayamba wasayina, kulankhula pambuyo. Kumayambiriro kwa 2018 Arsenal inamupatsa kontirakiti imene akuti inali ya mapaundi 350,000 pa sabata. Mu December 2019 analemba pa intaneti kudzudzula mmene boma la China likuchitira ndi Asilamu a mtundu wa Uyghur. Arsenal inathamangira pa tsamba la mchezo la Weibo kukauza anthu a ku China kuti amenewo ndi maganizo a mwini wake, kalabuyo silowerera ndale. Sizinathandize: wailesi yakanema ya boma, CCTV, inakana kuonetsa masewero a Arsenal ndi Manchester City, ndipo Özil anafufutidwa m'masewero a pakompyuta a PES ogulitsidwa ku China, moti ngakhale chithunzi chake chinachotsedwa ntchito. Anasewerera Arsenal komaliza mu March 2020. Kochi wa timuyo, Mikel Arteta, ankanenetsa kuti zifukwa zake zinali za mpira basi, ndipo mwina zinalidi choncho. Chofunika kwa wophunzira n'chakuti miyezi yonseyo, mpaka pamene anapita ku Fenerbahçe mu January 2021, Özil ankangoonerera mpira malipiro akulowa. Miyezi yochepa Arsenal itanena kuti silowerera ndale, osewera ake ankavala majezi olembedwa Black Lives Matter kumsana. Zikuoneka kuti nkhani imasanduka ndale pokhapokha ngati wokhumudwayo amagula majezi ambiri.

Amene wachotsedwa kale asataye mtima msanga. Ayang'ane ngati pali kampani ya nsapato imene makasitomala ake akugwirizana naye. Mu September 2018 Nike inaika nkhope ya Kaepernick pa malonda ake, ndi uthenga wolimbikitsa munthu kukhulupirira chinachake ngakhale atataya nacho zonse. Anthu okwiya anajambula mavidiyo akuwotcha nsapato za Nike, nsapato zimene anali atalipira kale, ndipo opanda nsapato zina anabwerera kusitolo. Mtengo wa masheya a kampaniyo unatsikako tsiku loyamba, kenako unakwera, ndipo malondawo anapata mphoto ya Emmy mu 2019. Pambuyo pake panabwera Netflix ndi sewero la zigawozigawo la moyo wake mu 2021. Kampani ya Nike yomweyo ndi imene imasoka majezi a matimu onse a NFL, choncho inkadya mbali zonse ziwiri, kwa wothamangitsidwa ndi kwa omuthamangitsa. Vuto la njira imeneyi n'lakuti malo ake ndi a munthu mmodzi. Eric Reid, mnzake amene anagwada naye kuyambira pachiyambi, anakhala miyezi ingapo opanda timu mu 2018 mpaka Carolina Panthers itamutenga, ndipo nkhope yake siinakwere pa chikwangwani chilichonse chachikulu.

Palinso njira ya kukhoti. Kaepernick anadandaula mu October 2017 kuti eni matimu anapangana kuti asamulembe ntchito. Mu February 2019 iye ndi Reid anagwirizana ndi NFL kunja kwa bwalo, ndipo mgwirizanowo unali ndi lamulo losaulula kanthu. Munthu amene analangidwa chifukwa cholankhula analipidwa kuti akhale chete. Nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti ndalama za awiriwo pamodzi sizinafike madola 10 miliyoni, zimene quarterback wodalirika amazipitirira m'chaka chimodzi.

Wofuna khoti lomvera bwino asankhe kukachotsedwera ntchito ku Germany. Anwar El Ghazi anachotsedwa ku Mainz 05 mu November 2023 chifukwa cha zimene analemba pa Instagram zokhudza nkhondo ya ku Gaza. Mu July 2024 khoti loona za ntchito linagamula kuti kuchotsedwako kunali kosatsata lamulo. Apa mnyamatayo akanamaliza bwino phunziro, koma anawononga zonse polengeza kuti mayuro 500,000 a ndalama zimene kalabuyo inayenera kumulipira apita kukathandiza ana a ku Gaza. Matenda omwewa anamugwiranso Kaepernick, amene anagawa madola miliyoni imodzi ku mabungwe osiyanasiyana, zina mwa ndalamazo akuzipereka ali kale paulova. Ma ejenti ayenera kukhala tcheru ndi khalidwe limeneli, chifukwa limayamba pang'onopang'ono.

Dziko loyenera kulipewa ndi limene wokhumudwayo ali ndi makiyi a kubanki ndi a kundende omwe. Hakan Şükür, amene anagoletsa chigoli m'masekondi 11 pa World Cup ya 2002, anasemphana ndi boma la Recep Tayyip Erdoğan atasiya kale mpira. Katundu wake ku Turkey analandidwa, ndipo mu 2020 anauza nyuzipepala ina ya ku Germany kuti akuyendetsa Uber ku America.

Kaepernick anasewera komaliza pa 1 January 2017. Mu September 2023, quarterback Aaron Rodgers atavulala m'masewero ake oyamba ku New York Jets, Kaepernick analembera timuyo kalata yaulemu kupempha malo m'gulu la osewera ongothandizira pokonzekera masewero, omwe ndi olipidwa pang'ono zedi m'ligi yonse. A Jets anatenga Trevor Siemian.