Chikomekome cha Mkuyu ndi Band Saw Yakale

Band saw ndi makina ochekera matabwa amene sowo wake ndi lamba wachitsulo wamano, wolumikiza nsonga ndi nsonga, woyenda pa magudumu awiri. William Newberry wa ku England adalembetsa nzeruyi mu 1809, koma lambayo ankangoduka polumikizira mpaka mu 1846, pamene mayi wa ku France, Anne Paulin Crepin, adapeza kawotcheredwe kolimba. M'zaka za m'ma 1930 kampani ya Delta ya ku Milwaukee idatulutsa band saw ya mainchesi 14, ndipo anthu okonda zakale ku America akuisakabe mpaka lero.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Band saw yakale imautembenuza mwambiwu. Kunja imakhala dzimbiri lokhalokha, akangaude atamangamo mudzi, pomwe thunthu lake, chitsulo cholemera chothira m'chikombole, lilibe vuto. Kulemerako kumameza kunjenjemera pocheka, ngakhale kumathyolanso msana wa mlamu amene waitanidwa kuti "adzangogwirizako pang'ono".

Mwambiwu umabwerera m'malo mwake wokonza akangogula penti. Ambiri amayambira pamenepa chifukwa penti ndiye amaoneka pa chithunzi cha pa Facebook. Mmisiri weniweni amayamba wawerenga nyerere.

Nyerere yoyamba ndi mng'alu. Chitsulo chotere n'chovuta kuwotcherera, choncho thunthu ndi timiyendo tonyamula tebulo ziyenera kuunikidwa ndi tochi ndalama isanatuluke m'thumba. Yachiwiri ndi mabering'i. Girizi wa nthawi ya agogo amauma gwa, ndipo gudumu likamazungulira limakukuta mano. Wogulitsa amati ndi mmene limalilira kuyambira kale, ndipo sanama. Yachitatu ndi matayala a mphira okuta magudumu, amene amang'ambikang'ambika mpaka kuyoyoka. Atsopano a urethane amaviikidwa kaye m'madzi otentha kuti afewe, kenako amavekedwa mokoka. Pakati pa tayala payenera kutumphuka pang'ono, poti lamba amakwera n'kukhazikika pamalo okwerawo. Popanda zimenezi sowo amavuka nthawi imene mlendo wabwera kudzaona.

Zikatero patsala timiyala togwira sowo m'mbali, timene timasiyidwa mpata wongokwana pepala, ndi bering'i yakumbuyo, imene siyenera kukhudza sowo mpaka thabwa litayamba kukankha. Mawaya a mota amasinthidwa onse, chifukwa chokutira chake chakale chimafumbutuka m'manja, ndipo magetsi salemekeza zaka. Sowo wa Delta ya mainchesi 14 ija ndi wa mainchesi 93 ndi theka. Wogula mongoyerekeza ndi maso amakhala ndi wachiwiri wokongoletsera khoma.

Penti amabwera pomaliza. Wakale amatha kukhala ndi mtovu, motero sapalidwa wouma munthu asanatseke mphuno ndi pakamwa. Pofika apa ndalama yolowa pokonza nthawi zambiri imakhala itaposa mtengo wogulira, nkhani imene kunyumba imafotokozedwa mwachidule.

Mwambiwu umathandizanso wofuna kugula band saw imene wina wakonza kale. Ikamawala kwambiri, atsegule zitseko, azungulitse gudumu ndi dzanja magetsi atazimitsa, amvetsere, kenako apemphe kucheka thabwa lochindikala. Ikacheka mowongoka, m'kati mulibe nyerere. Mwini wake akayamba kufotokoza za mtundu wa penti, wogula asunge ndalama yake.