Mlendo ndi mame, ngakhale ku Seoul

Makolo ponena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ankatilangiza kuti tizimusamala poti sakhalitsa. Ogwira ntchito m'boma ku South Korea mwambiwu anaugwira kumchira: mlendo ukangomupirira, achoka yekha.

Kumeneko mlendo wamkulu ndi pulezidenti. Malamulo a dzikolo a mu 1987 amamupatsa zaka 5 basi, kubwereza ayi. Amafika ndi chikhamu chake: nduna, alangizi ndi anzake a pa kampeni oti awagawire mipando m'makampani a boma. Eni dziko amati amenewa amatera ndi parachuti, makwerero sawadziwa. Pansi pawo pali eni mudzi, amene analowa ntchito atakhoza mayeso a boma otulutsa thukuta, ndipo amadikira kupuma ali ndi zaka 60.

Chaka choyamba, pulezidenti akangotsokomola, maunduna onse amaimirira. Chachitatu, mafayilo amayamba kudwala miyendo. Chachisanu, cholembera chosainira chimasowa ofesi yonse, maso ali kwa amene akubwera. Musathamangire kuwanena ulesi. Anaona okha kuti wothamanga kwambiri ndi ntchito za boma ili ndiye amayamba kuitanidwa ndi ofufuza boma likasintha.

Mlendo akapsa mtima n'kutenga tsache, nakonso kuli minga. Akuluakulu a mabungwe a boma amakhala pampando zaka 3, motero pulezidenti watsopano amapeza mipando ina ikadali yofunda ndi anthu a mnzake. Kim Eun-kyung, nduna ya zachilengedwe pa ulamuliro wa Moon Jae-in, anakakamiza otere kuti atule pansi udindo. Khoti linamugamula zaka 2 m'ndende.

Katswiri wodikira dzuwa anali Han Duck-soo. Anakhoza mayeso aja mu 1970, nadzakhala nduna yaikulu ya Roh Moo-hyun, kenako ya Yoon Suk Yeol, apulezidenti a zipani zosamwerana madzi. Tsoka linamugwera pa 14 December 2024, atagwirizira mpando wa pulezidenti Yoon, amene aphungu anamuimitsa. Pofika pa 27 December aphungu anali atamuimitsa nayenso, ndipo anachita kubwezeredwa ndi khoti mu March 2025. Munthu wopulumuka maboma ambirimbiri, mpando wa mlendo unamuotcha m'masiku 13.

Choncho ngati muli ndi m'bale wofuna ntchito yokhalitsa ku Korea, muuzeni akalembe mayeso. Zoima pa chisankho asiyire ena.