Ulemerero wa Mbereko

Mbereko ndi nsalu imene mayi amamangira mwana kumsana, ndipo pa zipangizo zonse zogwira ntchito pa Songani, pamsewu wa M3 wochokera ku Zomba kulowera ku Liwonde, palibe china choyenera kuvuliridwa chipewa kuposa iyo. Kawirikawiri imakhala chitenje wamba cha mamita awiri, chosuluka kale, poti chitenje chatsopano chimayamba chayendera kaye maukwati, kutchalitchi kapena kumzikiti chisanapatsidwe udindo waukuluwu. Ilibe zipi, ilibe batani, ndipo siigulitsidwa ndi kabuku ka malangizo. Makolo akale ankaberekera ana m'chikopa chofewetsa kapena m'chiwondo. Chitenje chinabwera pambuyo pake, mbewu yake kuchokera ku nsalu zamaluwa zimene Adatchi ankadinda potengera luso la ku Java, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inadzaza misika ndi zitenje zakonkuno.

Kamangidwe kake n'kachidule. Mayi amawerama, n'kumugwira mwana pamkono, n'kumutsetsereza mpaka agone chafufumimba pamsana, mwendo wina uku wina uku. Pakanthawi kameneko mwana sagwiridwa ndi chilichonse, koma amadziwa yekha kuti apa sipochitira masewera. Nsalu imaponyedwa pamwamba pake, nsonga ina kudutsa paphewa, ina kudutsa m'khwapa, m'munsi mwake kukokeredwa pansi pa matako, kenaka mfundo pachifuwa. Mayi akaweramuka amadzigwedeza pang'ono kuti katundu akhazikike, n'kumupatsa kambama kachikondi pathako, ulendo wayamba. Njala ikamupweteka mwana, nsalu siimasulidwa ayi: amangomuzunguza kudutsa m'khwapa, bere alipeza lili pompo.

Ubwino woposa onse wa mbereko ndi woti imabwezera mayi manja ake onse awiri. Ichi si chinthu chaching'ono. Manja amene akanangotayika ponyamula khanda amapezeka ali pampini wa khasu, pamunsi, pamjigo, pachikho chopatsira phala ana ena atatu. Mayi wa mwana kumbuyo amapalira chimanga, amawokera mpunga ku sikimu ya Domasi madzi ali m'akakolo, amatsika ndi mtolo wa nkhuni kuchokera m'mphepete mwa phiri la Malosa, n'kukamalizira pamsika akuunjika matemba a ku Chilwa m'timilu. Mutu nawonso umatsala waufulu, wokonzeka kulandira nkhata ndi ndowa. Choncho mayi akabereka, ntchito zapakhomo sizichepetsedwa ngakhale imodzi, zimangowonjezeka kulemera. Pakanapanda nsaluyi mudzi ukanakakamizika kufunafuna munthu wina wogwira mwana, ndipo mwatsoka maso akanatha kugwera abambo ake. Misana ya abambo ambiri yasungika bwino, yowongoka, yoyenera kukhala pabawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ngakhale eni ake sanena, zikomo wawo ayenera kupita kwa mbereko.

Pankhani ya mayendedwe, tingolo ta ana tokankha timene timaoneka m'masitolo a m'tauni sitingayerekeze n'komwe. Sitidumpha mizere, sitiwoloka matope a m'dambo, sitikwera kabaza. Mbereko imapita kulikonse kumene phazi lingaponde. Mafuta atasowa m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, magalimoto akugona pamizere, iyo siinaphonye ulendo ndi umodzi womwe. M'minibasi yodzaza mokha ndi mmene imafuna kukonzedwanso pang'ono, kondakitala akakuwa kuti, "Mayi, mwanayo abwere kutsogolo, mumupana!" Wokwera mu mbereko salipira, ndipo nthawi zambiri amafika ali mtulo.

Pali ena amene amadandaula za chinyontho. Awa sanaimvetse nkhani. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995 ndi mu 2018, asodzi n'kusiya mabwato pamatope osweka, koma mbiri siionetsa kuti mbereko ya khanda inaumapo tsiku lathunthu. Thewera likagonja, mayi amalandira uthenga mwachangu kudzera m'kutentha kumene kumatsetsereka pamsana, ndipo uthengawu umakonda kufika pakati pa ulaliki kapena pamzere wakuchigayo. Malovu, mamina ndi phala lobwerera zimasiya mapu pabulauzi. M'mwezi wa Okutobala, chigwa cha Chilwa chikamawotcha, mayi ndi mwana amagawana thukuta mosanyengana. Kupweteka kwa msana ndi mapewa kumabwera madzulo, pa nthawi yake, kudzakumbutsa mayi kuti mwana akukula bwino.

Kumbuyoko mwana amaphunzira zambiri. Amadziwa kamvekedwe ka mtondo asanadziwe dzina lake, mutu ukugwedera motsatira munsi. Amafufuza kulimba kwa duku, tsitsi ndi ndolo za mayi ake pozikoka. Pamsika amaphunzira malonda, popeza dzanja lake limafika pamene maso a mayi safika: mayi ali kalikiliki kunenerera mtengo wa bonya, kumbuyo kadzanja katola kale tomato palichero la mnzawo. Nkhani imadziwika wogulitsa akaitana, "Amake mwana, tacheukani muone kasitomala wanuyo." Ndipo popeza mayi sangaone kumsana kwake, msika wonse umasanduka alangizi. Wina akuti khosi lapindika, wina akuti mumufunditse dzuwa likumuwotcha paliwombo, agogo ena akuti mwamanga molekerera agwa ameneyo. Malangizowa ndi aulere ndipo sachita kupemphedwa.

Pa nsonga ya nsalu pamakhala kamfundo kena kakang'ono kosungira ndalama, ndipo kuti wakuba akafikepo ayenera kudutsa pachifuwa pa mwini wake. M'mapindidwe ena mumabisala kiyi, foni ndi kabuku kakusikelo. Tsiku la sikelo likafika, nsalu yomweyo imatha kukolekedwa pambedza ya sikelo yolendewera, mwana ali momwemo akulira mokweza, mlangizi wa zaumoyo akuwerenga makilogalamu amene msana wa mayi unawadziwa kale.

M'ndale mbereko siikondera. Dera la Mfumu Yaikulu Malemia, kwawo kwa Joyce Banda, laona nsalu za zipani zamitundumitundu nthawi ya kampeni: yachikasu ya UDF, yabuluu ya DPP, yaolenji ya PP, ya tambala wakuda ya MCP. Chisankho chikadutsa, zonsezi zimakathera malo amodzi. Nkhope ya mtsogoleri imapezeka pansi penipeni pa thewera, ndipo khanda limapereka maganizo ake mofanana kwa opambana ndi olephera omwe.

Ngakhale madokotala anafika poigonjera. Njira yosamalira ana obadwa masiku asanakwane powamangirira pachifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, imene imatchedwa kangaroo, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo m'Malawi muno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Chipangizo chake chachikulu ndi chitenje chomwechi, kungochisamutsira kutsogolo, ndipo sichidalira magetsi. Mu 2015 madokotala a mafupa a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre analemba kuti pa ana oposa 40,000 amene anawaona m'zaka khumi, panalibe khanda limene linabwera ndi vuto loguluka fupa la m'chiuno, vuto lodziwika kwambiri kumayiko kumene makanda amakulungidwa miyendo itawongoledwa. Iwo anaganizira kuti chinsinsi chingakhale kakhalidwe ka miyendo ya mwana woberekedwa kumbuyo. Amayi a pa Songani anali akupereka chithandizochi kwa zaka zambirimbiri osalandira malipiro kapena satifiketi.

Luso limeneli silisowa olowa m'malo. Kamtsikana ka zaka zinayi kamayamba ndi chitsononkho kapena botolo pakansanza, ndipo pofika zaka zisanu ndi ziwiri kapatsidwa kale mng'ono wake weniweni, miyendo ya mwanayo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mlezi, masewera a fulaye ndi phada akupitirira ndi katundu kumbuyo. Anyamata amsinkhu womwewo nthawi zambiri amakhululukidwa, kuopa kuwasokoneza pampira.

Mwana amatsika pampandowu akayamba kuyenda molimba, kapena msanga ndithu mayi akaima ndi pakati pena, ngakhale amabwererako masiku amene malungo amugwira ndipo chipatala chili kutali. Nsaluyo imachapidwa n'kudikira wotsatira. Ikatumikira ana awiri kapena atatu n'kuyamba kubooka pakati, imang'ambidwa kukhala matewera, chidutswa china nkhata, china chophulira mphika pamoto, ndipo chotsala chimamangira mtolo wa nkhuni.