Mmene mungafufutire Mvera pachithunzi popanda kukhumudwitsa munthu

Masiku ano aliyense wokhala ndi foni ya kamera ndi wojambula zithunzi. Palibenso amene amadikira bambo uja wa njinga yakapalasa, amene ankakujambulani lero n'kukuuzani kuti chithunzi chibwera filimu ikadzaza, ikapita ku Lilongwe kukatsukidwa, komanso ngati mutu wanu sunadulidwe. M'mizinda ya kunja anthu okonda luso limeneli amapanga makalabu. Amakumana madzulo, aliyense n'kuonetsa chithunzi chake kuti anzake achiunike ndi kuchipezera zolakwika, ndipo masiku ena amaphunzitsana kukonza zithunzi pakompyuta, kumene achinyamata amati kuedita. Palibe chifukwa choti Mvera atsalire. Koma mwambo wachilendo uli ngati chinangwa chowawa, umafunika kuuviika kaye. Choncho amene akufuna kuyambitsa kalabu yotere kuno ayambe wamvetsa cholinga chake, chimene ndi chimodzi basi: kuonetsetsa kuti pakadzatha zaka 50, mdzukulu woyang'ana zithunzi zathu asadzathe kudziwa kuti agogo ake ankakhala kuti, ankaoneka bwanji, ndipo pakhomo pawo panali chiyani.

Tiyambe ndi madzulo ounika zithunzi. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, atakhazikitsa mishoni yawo m'dziko la Mfumu Chiwere pa 28 Novembala 1889, malowo anatchedwa Mvera. Sanatchedwe Tsutsa. Kalabu ilemekeze mbiri imeneyi. Chithunzi choyamba kuonetsedwa chikhale cha a tcheyamani, ndipo popeza chionetsero chapakhoma kulibe, foni iyende m'manja kuyambira kwa wamkulu kutsikira kwa wamng'ono. Ikamafika kwa munthu wachisanu galasi lake likhala litapakika mafuta a mandasi, ndipo zimenezi n'zothandiza, chifukwa palibenso angasiyanitse chithunzi chosaoneka bwino ndi chooneka bwino. Aliyense akachiyang'ana agwedeze mutu, aombe m'manja katatu, n'kunena kuti, "Chatuluka bwino, bambo." Ena adzakumbutsa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. N'zoona, koma mwambiwo sunanene kuti khutu litsinidwe mwini wake ali pomwepo. Mnyamata sangauze amalume ake kuti adula miyendo ya mkwatibwi, ndipo mkamwini amene angauze apongozi ake kuti mtengo wa mango ukuoneka ngati wamera pamutu pa mkwati ayambiretu kumanga katundu. Ngati cholakwikacho n'chachikulu moti sichingabisike, mlandu upite kwa chinthu chosayankha: "Foniyi ndiye yakulakwirani, aPhiri," kapena, "Dzuwa la lero linali lamwano." Kuunika kwenikweni kuchitike pobwerera, pakabaza, m'makutu mwa woyendetsa, amene alibe kamera ndipo sadzagwiritsa ntchito malangizowo. Mwanjira imeneyi membala angathe kukhala m'kalabu zaka khumi akudula anthu miyendo mofanana ndi tsiku limene analowa, ndipo mtendere udzakhalapo.

Maphunziro a pakompyuta ayambire pakhungu, chifukwa apa tili ndi aphunzitsi akale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumizira malo otsukira zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, lotchedwa Shirley, kuti azikonzera makina awo potengera khungu lake. Munthu wakuda akajambulidwa, kawirikawiri chinkatuluka ndi maso ndi mano okha. Akatswiri ofufuza nkhaniyi amanena kuti kampaniyo inayamba kukonza filimu yake pamene opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa anadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pazithunzi zotsatsira malonda. Mpando unamveredwa munthu asanamveredwe. Mwambowu sunafe: mu 2017 eni pulogalamu ya pafoni ya FaceApp anapepesa chifukwa batani lawo lokongoletsera nkhope linkayeretsa khungu la anthu akuda. Iwo anapepesa, ife tisapepese. Mphunzitsi aonetse mamembala kachingwe kowalitsira chithunzi, awauze kuti akakokere kumanja mpaka aNabanda asanduke mlendo wochokera ku Lisbon. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo poiyerekeza ndi mafuta oyeretsa khungu, siwotcha masaya, ndiponso siisiya mfundo za zala zili bii ngati mboni zotsutsa nkhope. Koma mphunzitsi asamale kuti asaulule chinsinsi ichi: munthu wakuda ukamuimika pamthunzi wa mtengo nkhope italoza kowala, kapena ukamujambula dzuwa litapendeka m'malo mwa masana likuswa mtengo, n'kukhudza nkhope yake pagalasi la foni kuti kuwala kuyezedwe pa iyeyo, khungu lake limatuluka lokongola lokha. Membala wodziwa zimenezi sabweranso kudzalipira maphunziro.

Phunziro lachiwiri, lomwe ndi mtima wa kalabu, ndi la zakumbuyo kwa munthu. Mvera ali ndi zinthu zambiri zolowerera pachithunzi popanda kuitanidwa. Pali chigafa cha fodya wosokedwa, pali nkhokwe yopendekeka, pali mbuzi yomangidwa pachikhomo, pali matumba a makala ondanda m'mbali mwa msewu wa M14 wotsikira ku Salima, pali anyamata okweza timitengo ta mbewa galimoto ikamadutsa. Zonsezi zichotsedwe, ndipo m'malo mwake aikemo nyumba zosanjikizana za ku Johannesburg. Mapiri ometedwa mpala asakudetseni nkhawa. Nkhalango ya Ntchisi ikadali ndi mitengo ikuluikulu, ndipo wophunzira wakhama angakopere mtengo umodzi n'kuudzala kambirimbiri paphiri lonse madzi a tiyi asanawire. Nyengo yodzala mitengo imene boma limatsegula mu Disembala imafuna mbande, khasu, mvula ndi kuthamangitsa mbuzi, pamene njira yathuyi imangofuna kuti batire lisathe. Wina asaganize kuti zimenezi n'zachibwana, chifukwa akuluakulu anazichita kale. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza kuti ayandikane n'kukwana pachikuto. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi, ataphedwa mu 1940, anachotsedwanso pachithunzi chimene anaima pambali pa mtsogoleri wa dzikolo, Stalin, ndipo pamalo pake panatsala madzi okhaokha. Anthu amenewo ankagwira ntchitoyi pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop isanabwere mu 1990. Ngati iwo anatha kuchotsa mkulu wa apolisi ndi manja, ife tingalephere kuchotsa mbuzi?

Padzapezeka membala wovuta, kawirikawiri mphunzitsi wopuma pantchito, amene adzanene kuti kuedita ndi kunama. Muyankheni mofatsa kuti chithunzi chilichonse chimasankha. Wojambula akaloza kamera kutchalitchi ndiye kuti wafulatira dzala, ndipo ngakhale akale otsuka filimu m'chipinda chamdima ankawalitsa pena n'kudetsa pena. Yankho limeneli n'loona, ndiye chifukwa chake n'lothandiza. Mukalipereka mutseke msonkhano ndi pemphero msangamsanga, asanafunse funso lotsatira, loti kodi kuwalitsa nkhope kuti ioneke mmene ilili n'chimodzimodzi ndi kuikapo mphuno ya munthu wina. Olemba nkhani ali ndi malire awo pankhaniyi: konza kuwala, koma usaikemo chimene panalibe, usachotsemo chimene chinalipo. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito Brian Walski chifukwa cholumikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kukhala chimodzi. Mu 2015 mpikisano wa World Press Photo unataya chithunzi chimodzi mwa zisanu zilizonse zimene zinafika pafupi ndi ndime yomaliza, chifukwa chokonzedwa mopyola muyezo. Mu 2024 makampani otumiza nkhani monga Reuters ndi AP anabweza chithunzi cha banja lachifumu la ku Britain, ndipo Catherine, mkazi wa Prince William, anapepesa. Lamulo lotha kukakamiza mpongozi wa mfumu kupepesa n'loopsa, ndipo kulifotokoza kumangotenga madzulo amodzi. Lisalowe m'ndondomeko ya maphunziro.

Wotsutsa wachiwiri ndi wovutirapo, chifukwa ali mbali yathu. Iye adzati munthu ali ndi ufulu wooneka bwino, ndipo alendo atijambula kokwanira tili ndi ntchentche m'maso. Apa palibe chotsutsa. Tonse tikudziwa mmene mlendo wofuna chithunzi chopemphera thandizo amadutsira nyumba yamalata yokhala ndi sola padenga, n'kukagwada kutsogolo kwa khitchini yaudzu, n'kudikira kuti mwana wosasamba adutse. Ndipo kudzikongoletsa pachithunzi si tchimo. Seydou Keïta, amene anali ndi situdiyo ku Bamako m'dziko la Mali kuyambira mu 1948, ankabwereka makasitomala ake wailesi, wotchi, ngakhale njinga yamoto kuti aime nazo, ndipo lero zithunzi zake zimapachikidwa m'nyumba zosungiramo zaluso ku Paris ndi New York. Kusiyana kwake n'kwakuti wailesi ija inalipodi m'chipindamo, nkhope inali ya mwini wake, nsalu inali ya m'zaka zimenezo, ndipo woona chithunzicho amaphunzira chimene anthu a ku Bamako ankalakalaka. Ife tisagwe m'cholakwa chimenecho. Ntchito tigawane ndi mlendo mwachilungamo: iye achotse malata, sola ndi mwana wovala yunifolomu, ife tichotse udzu, fumbi ndi khungu lakuda. Iye akatenga theka lake, ife n'kutenga lathu, Mvera adzatha yense popanda wina womuimba mlandu. Kunena zoona, mutu umodzi susenza denga, ndipo kuligwetsa nakonso kumafuna anthu awiri.

Mdani amene kalabu singamugonjetse ndi mmodzi. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni n'kuwajambula kuti alandire ziphaso za unzika. Kumeneko kunalibe kachingwe kowalitsira, kunalibe tcheyamani, munthu ankangouzidwa kuti ayang'ane kutsogolo. N'chifukwa chake palibe amene amaonetsa anzake chithunzi chimenecho mwakufuna kwake. Komabe membala aliyense alangizidwe kusunga chiphasocho pamalo ouma, pakuti tsiku limene adzasowe pa depoti ya mabasi ku Lilongwe, abale akadzapereka kupolisi chithunzi cha pa Facebook, apolisi adzakhala akufunafuna mzungu wa ku Johannesburg.

Pamaliro pokha ndi pofunika kukonzekera bwino. Chithunzi choikidwa pabokosi chidzachokera ku kalabu, chowala, chosalala, kumbuyo kuli nyumba zosanjikizana. Nthawi yoona nkhope ikadzafika, amayi a kumudzi kwa malemu adzayang'ana m'bokosi, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ananso m'bokosi, ndipo wina adzanong'oneza mnzake kuti mwina galimoto yawatsitsa pasiwa polakwika. A tcheyamani aime chapafupi ndi adzukulu, manja kumbuyo, kuti aliyense wodutsa azimuuza motsitsa mawu kuti chatuluka bwino.