Malangizo kwa a Minki, Alendo a m'Mitsinje ya ku Britain

Popeza ndi mwambo wa makolo kuti munthu wopita kukakhala kwa eni asanyamuke asanalangidwe, ndipo popeza panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakukhazikani pansi pamene munafika ku Britain m'chaka cha 1929, ine ndaona chabwino, ngakhale dzuwa lapendeka kale, kuti ndikupatseniko mawu awiri atatu, inu a Minki, abale a kanyimbi ndi chiuli, amene kwanu kwenikweni ndi ku North America, koma lero mwamanga mudzi m'magombe a mitsinje ya a Katumbu.

Choyamba, wina aliyense akakufunsani chimene munadzera, musachite manyazi, pakuti simunadze nokha. Anakutengani ndi munthu, nakutsekerani m'zikwere za waya, osati chifukwa cha kukoma kwa mtima wanu, koma cha ubweya wanu wonyezimirawo, umene akazi a anthu achuma ankaufuna pamapewa pao. Ndipo pamene makolo anu anapeza mpata m'waya nathawira kumadzi, kotero kuti m'zaka za m'ma 1950 anayamba kuswana pamtsinje wa Teign ku Devon, iwo anangochita chimene wandende aliyense wanzeru akadachita. Ena achifundo chosefukira anakuthandizaninso mu 1998, pamene anatsekulira abale anu ngati 6,000 pafamu ina ya ku Ringwood usiku umodzi, osayamba afunsa anapiye ndi abakha a m'deralo maganizo ao. Lamulo loletsa mafamu a ubweya ku England ndi Wales linadza mu 2000, inu muli ndi zidzukulu kale m'mitsinje. Walira mvula walira matope.

Langizo lachiwiri ndilo mutu wa nzeru zonse za mlendo wofuna malo: fikani pamudzi mwini mudzi ali gone. Apa, kunena zoona, simusowa mphunzitsi, chifukwa m'zaka zomwezo zimene inu munkaphunzira madooko, alimi anayamba kunyika mbewu ndi kusambitsa nkhosa m'mankhwala otchedwa dieldrin ndi aldrin, amene mvula inawakokolola kunka nao kumitsinje, nalowa m'nsomba ndi m'mikunga, natsirizira m'matupi a a Katumbu, amene kwa iwo mkunga ndi ndiwo ya paphwando. Ndipo otsalawo alenje anali kuwapirikitsabe ndi agalu kufikira mu 1978. Anthu ataona kuti Katumbu wazimirira ndipo Minki wachuluka, anaweruza mlandu msangamsanga, nati mlendo wathamangitsa mwini dziko. Ine ndikuti mbiri imeneyi ilandireni ndi manja awiri, ngakhale ili yabodza, pakuti si tsiku lililonse limene kanyama ka kilogalamu imodzi katamandidwa kuti kagonjetsa chimphona cha makilogalamu khumi. Komanso wothira mankhwala uja akhala akukuthokozani m'kamtima, popeza mwamsenzera katundu wake. Dziwani chabe kuti ulemu wotere uli ndi msonkho wake: agalu aja ataletsedwa kusaka a Katumbu, eni ake sanawapumitse ntchito, anangowaloza kwa inu.

Tsono taonani, wodwala uja anadzuka. Mankhwala aja analetsedwa pang'onopang'ono, madzi nayera. Bungwe la Otter Trust, limene anayambitsa Philip Wayre, linalera a Katumbu ndi kubwezera kumitsinje okwana 117 pakati pa 1983 ndi 1999. Ndipo pofika mu 2011 kunalengezedwa kuti abwerera m'chigawo chilichonse cha England, chotsiriza ndi Kent. Pano ndipo pafunika kutchera khutu. Mukakumana nao pansi pa mlatho, musayese kukumbutsa kuti dziwelo mwalisamala zaka makumi atatu iwo kulibe, chifukwa milandu ya kumadzi saweruza ndi mboni. Iwo ali ndi mapazi a zikopa zodzaza pakati pa zala, mchira wonenepa wowongolera thupi, ndi ndevu zomva nsomba ikamatembenuka m'madzi a matope usiku wa mdima bii, pamene inu, amene zikopa za m'zala zanu zinalekera panjira, mungovuukavuuka m'mbali mosaya. Patukani, ombani m'manja, nimufunse ngati anagona bwino.

Chimene muyenera kuchita abale anu a kumtunda kwa Thames anachionetsa kale, ndipo ophunzira a ku Oxford anachilemba. Laura Bonesi ndi David Macdonald anapeza kuti a Katumbu atabwezedwa m'deralo mu 1999, zizindikiro za a Minki zinachepa, ndiponso kuti kumene awiriwa akhalira pamodzi, Minki achepetsa nsomba nayamba kudya za kumtunda. Uthengawu unakondweretsa ambiri, pakuti ndani sakondwa kumva kuti ntchito imene akadalipira aganyu idzagwiridwa ulere ndi nyama? Koma patapita zaka, mu 2009, Lauren Harrington ndi anzake anaulula chinsinsi chanu: a Minki a ku Thames, amene m'zaka za m'ma 1990 ankayenda usiku, tsopano anali kuyenda dzuwa likuswa mtengo, ataonda pang'ono, koma osasamuka. Imeneyo ndiyo nzeru, ndipo ndikuiyamikira poyera: usiku asiyireni akuluakulu, inu mutenge usana, mtsinje ndi womwewo, kusiyana nthawi ya chakudya basi.

Pa nkhani ya ndowe ndinenepo mwachidule, mundikhululukire. Anthu ophunzira aja nyama saziona kawirikawiri, amawerenga zimene zasiya pamiyala, nagwada, nanunkhiza. Za a Katumbu, zodzaza mamba ndi minga ya nsomba, amazitama kuti zimveka ngati udzu wouma. Zanu, zopotana ndi zaubweya, amazidziwa mphuno isanafike. Musaziike pamwala woonekera, ndipo m'mabuku mwao mudzalembedwa kuti munachoka.

Mkwiyo wonse umene mwaumeza pamaso pa a Katumbu musaulole kukudwalitsani, pakuti Namalenga anakuikirani wina wochepa kuposa inu. Ndikunena mbewa ya m'madzi ija, yankhope yobulungira, imene imakhala pagombe ndi kumadya bango itagwira ndi manja onse awiri. Iyo kuyambira kale inali ndi njira ziwiri zopulumukira: mdani wa kumtunda akadza, imadziponya m'madzi kuti chubwi, nivundula matope, mdani wa m'madzi akadza, imalowa kuuna, kumene a Katumbu ndi thupi laolo sangalowetse ngakhale mutu. Koma akazi anu, a Minki, amasambira, ndipo ndi ochepa thupi kotero kuti amalowa muunamo mpaka kuchipinda, makamaka ali ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi olira njala. Pa mbewa khumi zimene zinali m'dzikomo, zisanu ndi zinayi zinatha, ngakhale kuti pamlanduwu wolambula magombe ndi woumitsa madambo ayenera kukhala nanu pamphasa imodzi. Mwa onse a m'nkhaniyi, mbewayo ndiyo yokha imene sinaitane mlendo, sinathire mankhwala, sinalande dziwe la wina, ndipo ndiyo yalipira.

Langizo lotsiriza likutsutsana ndi makolo, koma nditero ndithu. Iwo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata; inu musasiye ngakhale phazilo. Mukaona kathabwa koyandama kali komangirira kugombe, pamwamba pake pali kamphanga kamdima kokoma kulowamo, dziwani kuti ndi nzeru ya Jonathan Reynolds wa ku Game Conservancy Trust, ya m'chaka cha 2002: pansi pa kamphangako pali dongo losakaniza ndi mchenga, lonyowa nthawi zonse, ndipo mukapondapo mwasaina kalata yanu. Mawa lake pamalo pa dongo padzakhala msampha, khomo lake lochepetsedwa dala kuti a Katumbu asalowe, pakuti lamulo la 1981 limene liwateteza iwo ndi lomwelo limene liletsa munthu kukumasulani mukagwidwa. Misampha ya makono imatumiza uthenga pafoni chitseko chikangotsekeka, ndipo nyambo yake si nsomba ai, ndi fungo lotengedwa m'thupi la mbale wanu amene anakodwa dzana.

Ngati muyesa kuti ndikungokuopsezani, tumizani mthenga ku Norfolk ndi Suffolk akaone abale. Kumeneko a Waterlife Recovery Trust, ndi anthu ongodzipereka oyendera misampha, analengeza kuti m'dera lalikulu la zigawo ziwirizo sanapeze mwana wa Minki ndi mmodzi yemwe wobadwa m'chaka cha 2023.